A JOE DAVIS, MFUMU YA SNOOKER IMENE INATULA CIKHO ISANAGONJE

Aliyense woyenda m'tauni ya Chipata, kaya ku Kapata, ku Mchini kapena ku Nabvutika, ngakhalenso woima pa timisika ta m'mbali mwa mseu wa ku Katete kapena wa ku Lundazi, anaonapo anyamata atazinga tebulo la nsalu yobiriwira, ndodo ziri m'manja, alikugunda mipira kuti ilowe m'matumba. Ena amachula masewerawo kuti pulu, ena amati snooker, koma awiriwa ndi masewera osiyana, ndipo pulu ndiye mng'ono. Snooker yeniyeni iseweredwa pa tebulo lalikulu la mafiti 12 m'litali ndi mafiti 6 m'lifupi, ndipo iri ndi mpikisano wa dziko lonse lapansi umene kuyambira 1977 wakhala ukucitikira mu mzinda wa Sheffield ku England. Sabata ino tikusimbirani, inu awerengi, za munthu amene anayambitsa mpikisanowo, naupambana nthawi zokwana 15 osagonja ngakhale kamodzi, koma amene kucokamo kwao kunatsala pang'ono kuupha mpikisano womwewo.

A Joe Davis anabadwa pa 15 April 1901 m'mudzi wa Whitwell, m'dera la Derbyshire. Atate ao anali okumba malasha, nchito ija madoda ambiri a kuno kum'mawa anaidziwa bwino pamene anali kupita ku Wankie. Pa ana asanu ndi mmodzi a m'banjamo a Joe ndiwo anali oyamba, ndipo citsiriza anali Fred, wobadwa mu 1913, amene timvenso za iye kutsogoloku. Atatewo anasiya nchito ya pansi pa nthaka nayamba kusunga nyumba za mowa, mpaka anatenga hotela yochedwa Queen's Hotel ku Whittington Moor, pafupi ndi tauni ya Chesterfield. M'hotelamo munali tebulo lalikulu la masewera a billiards.

Mwanayo anagwira ndodo ali ndi zaka 11. Munthu wina wa malonda wa komweko, a Ernest Rudge, ataona dzanja la mnyamatayo anayamba kumlangiza, ndipo sipanapite nthawi. Ali ndi zaka 12 anagoletsa mapointi 100 osaphonya, ndipo ali ndi zaka 13 anagonjetsa akuluakulu a ndebvu natenga ungwazi wa dera la Chesterfield. Codabwitsa ndi cakuti diso lace la kumanja silinali kuona bwino. Anzace onse anali kuika ndodo pakati pa cibwano kuti maso onse awiri alunjike; iye anaiika ca kumanzere, pansi pa diso labwinolo, ndipo anasewera motero moyo wace wonse. Mu 1919, ali ndi zaka 18, analowa m'gulu la anthu amene kudya kwao kucokera pa tebulo.

Masiku amenewo ulemu wonse unali pa billiards. Awa ndi masewera a mipira itatu yokha, iwiri yoyera ndi umodzi wofiira, ndipo munthu apeza mapointi mwa kulowetsa mpira m'thumba kapena mwa kugunditsa mpira wace pa inzace iwiri ija. Apa pali kanthu kokhudza ife. Mipira ya akatswiri a nthawiyo inali yosemedwa ku minyanga ya njobvu, ndipo mnyanga umodzi unali kupereka mipira yowerengeka cabe, pakuti wosema anali kufuna pakati peni peni pa mnyanga kuti mpira ugubuduke mowongoka. Minyanga yambiri imene inali kucoka mu Africa, monga ija Acikunda ndi amalonda ena anali kusenzetsa anthu kuicotsa ku cigwa ca Luangwa ndi ca Zambezi kunka ku nyanja yamcere, inali kukathera pa zinthu zotere: mipira, zipeso, zigwiriro za mipeni ndi makiyi a piyano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi pamene akatswiri a ku England anaisiya minyanga natenga mipira yopangidwa m'fakitale.

Pa billiards a Joe anakwera msanga. Anafika pa ndime yomaliza ya mpikisano wa akatswiri mu 1926 ndi mu 1927, nagonja kawiri konseko kwa a Tom Newman, koma anautenga mu 1928, 1929, 1930 ndi 1932. Bvuto linali lakuti akatswiriwo anacita kudziwitsa. Anapeza njira zounjika mipira itatu ija pa malo amodzi ndi kumangoikhudza pang'onopang'ono, pointi pa pointi, mdani ali khale pa mpando. Kale mu 1907 a Tom Reece anagoletsa mapointi 499,135 osaphonya, pa masewera amene anatenga masabata asanu, mipira iri yopanikizidwa pakamwa pa thumba limodzi. Mu January 1932 a Walter Lindrum a ku Australia anagoletsa 4,137 pa ulendo umodzi, ndipo amene anakhala pa mpando kupenyerera kwa maola pafupifupi atatu anali a Joe Davis eni ace. A Lindrum omwewo anawagonjetsa pa ungwazi wa billiards mu 1933 ndi 1934. Luso linalipo loopsa, inde, koma ndani angalipire ndalama pa khomo kuti akaonerere munthu alikusinja pa mtondo umodzi tsiku lonse? Mipando inayamba kukhala yopanda anthu.

Masewera a asilikari

Snooker inabadwira ku India. Akuluakulu a asilikari a Britain ndiwo anaipeka ku Jabalpur ca m'ma 1875, ndipo dzina limene lichulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi la a Neville Chamberlain, msilikari, osati nduna yaikulu ya Britain ija ya dzina lomwelo ai. Liu lakuti snooker linali lonyodolera nalo ophunzira usilikari a caka coyamba, anthu osadziwa kanthu.

Kaseweredwe kace ndi aka. Pa tebulo pakhala mipira yofiira 15, uliwonse wa pointi imodzi, ndi ina isanu ndi umodzi ya mitundu: wacikasu wa mapointi 2, wobiriwira 3, wabulauni 4, wabuluu 5, wapinki 6, ndi wakuda 7. Ndodo igunda mpira woyera wokha. Wosewera ayamba kulowetsa wofiira, kenaka wa mtundu umene afuna, ndipo wa mtunduwo ubwezedwa pa malo ace. Atero mosinthanitsa kufikira yofiira itatha, ndi pamene ya mitundu ilowetsedwa motsatana kuyambira wacikasu kulekezera wakuda. Akaphonya, akhala pansi, mnzace naimirira. Mapointi onse amene munthu agoletsa asanaphonye tiwachula a ulendo umodzi, ndipo tebulo likayera ndiye kuti cigawo cimodzi catha. Munthu akasowa mpira wolowetsa, amabisa woyera kuseri kwa wina kuti mdani asowe njira, ndipo kucenjera kwina kwa masewerawa kuli pamenepo.

Akatswiri a billiards anali kuyesa snooker cinthu ca ana, coseweredwa kumapeto kwa tsiku ngati nthawi yatsalako. Koma a Joe anali atayang'anirapo nyumba za masewera ku Chesterfield, ndipo anaona ndi maso ao cimene anthu wamba, okumba malasha ndi a m'mafakitale, anali kulipirira tebulo. Sanali billiards ai. Tsono mu 1926 anagwirizana ndi a Bill Camkin, mwini nyumba za masewera ku Birmingham, nakakamiza bungwe loyang'anira masewerawa, la Billiards Association and Control Council, kuti libvomereze mpikisano wa akatswiri a snooker. Bungwelo linabvomera, ngakhale mosakondwa kweni kweni.

Analowa anthu 10. Masewera oyamba, a pakati pa a Melbourne Inman ndi a Tom Newman mu November 1926, anali ongowonjezera pa mapeto a billiards, monga ndiwo zotsala. Cikho cinagulidwa ndi mapaundi 19 ocokera pa ndalama zimene olowa mpikisano analipira. Ndi casiliva, pamwamba pace pali kafano ka mkazi, ndipo ndi comweco cimene ngwazi zinyamula kufikira m'masiku athu ano. Ndime yomaliza inacitikira m'nyumba ya a Camkin ku Birmingham kuyambira pa 9 kufika pa 12 May 1927, ndipo a Joe anagonjetsa a Tom Dennis ndi zigawo 20 kwa 11. Mphotho yao inali mapaundi 6 ndi masheleni 10. Akulu amene akumbukira caka ca 1968, pamene paundi imodzi inasanduka makwaca awiri, angawerenge okha kuti imeneyo ndi K13. Mu 2025 a Zhao Xintong, munthu woyamba wa ku China kupambana mpikisanowu, analandira mapaundi 500,000 ponyamula cikho comweco.

Zaka zotsatira zinali zouma. Mu 1931 analowa anthu awiri okha, a Joe ndi a Dennis, nakaseweretsa ungwazi wa dziko lonse m'nyumba ya masewera ya a Dennis eni ace ku Nottingham. Mu 1934 analinso awiri, a Joe ndi a Newman. Munthu wina akadaleka. Koma m'zaka zouma zomwezo ndi m'mene a Joe anacita nchito imene ife tiiyesa yaikulu kuposa zikho zao zonse, ndiyo kupeza m'mene snooker iyenera kuseweredwera.

Asanabwere iwo, munthu anali kulowetsa wofiira mmodzi, wa mtundu mmodzi, mwina kawiri kapena katatu, basi nabisa woyera. Pa mpikisano wonse wa 1927 ulendo waukulu koposa unali wa mapointi 60, wa a Albert Cope. A Joe anazindikira kuti mpira wofunika kuuyang'ana si umene ulikulowa m'thumba, koma woyera, ndi pamene ukaime. Luso limeneli analibweretsa kucokera ku billiards. Ukagunda woyera m'munsi, ubwerera m'mbuyo utagunda unzace. Ukaugunda pakati ndi mphamvu yoyenera, uima pomwepo ngati wakhomedwa. Ukaugunda pamwamba, utsatira. Ukaugunda m'mbali, upatuka pocoka pa mphepete mwa tebulo. Ndi zimenezi iwo anali kusunga woyera pafupi ndi wakuda, wa mapointi ambiri uja, namamwaza mulu wa yofiira pang'onopang'ono monga mai apatula nyemba pa lichero, kotero kuti pogunda mpira uno anali atakonza kale wacitatu ndi wacinai. Thupi lonse linali kukhala cete, mwendo umodzi wowongoka, dzanja la pa tebulo lolimba, mkono wokha ndiwo woyenda. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo anthu amene anawaona akusewera anasimba za kudekha kotero. Mu 1928 anagoletsa 100 pa ulendo umodzi kwa nthawi yoyamba, ndipo mu 1935 anagoletsa 110 posewera ndi a Newman, kukhala munthu woyamba kupyola 100 pa mpikisano wa dziko lonse. Pamenepo anthu anayamba kudzaza mipando, pakuti tsopano panali cinthu coonerera.

Mkulu ndi mng'ono

Adani eni eni anayamba kuoneka ca m'ma 1936. Woyamba anali a Horace Lindrum a ku Australia, mphwao wa a Walter aja, amene anagonja 34 kwa 27 mu 1936 ndi 32 kwa 29 mu 1937. Waciwiri anacokera m'nyumba mwao momwe.

A Fred Davis analowa mpikisanowu koyamba mu 1937, nagonja pa masewera oyamba omwe kwa a Bill Withers a ku Wales, munthu wosadziwika konse, 17 kwa 14. A Joe anapsa mtima, poona ngati dzina la banja lanyozeka. Pa ndime yotsatira anakomana ndi a Withers omwewo nawakwapula 30 kwa 1. Cimene cinagonjetsa a Fred cinali maso: sanali kuona patali, ndipo anali kubisa cilemaco cifukwa ca manyazi. Atapeza magalasi opangidwa mwa njira yakuti munthu aone bwino atawerama pa tebulo, anasanduka munthu wina. Kunena zoona a Joe sanali mkulu wofewa. Sanamlere mng'ono wao pa tebulo ndi mau okoma, ndipo a Fred, munthu wa nsangala ndi womwetulira nthawi zonse, anakula akudziwa kuti kwa akulu ao kulibe za cibale ndodo ikakhala m'manja.

Mu 1940, nkhondo ya Hitler itayamba kale, abale awiriwo anakomana pa ndime yomaliza ku Thurston's Hall mu London. Zigawo zinali 73, ndipo anakokana masiku onse, wina kutsogola, wina kumpeza. A Joe anatseka nkhaniyo ndi ulendo wa mapointi 101, ndipo mawerengero otsiriza anali 37 kwa 36. Ciyambire 1927 panalibe munthu amene anawafika pafupi cotero. M'mwezi wa October caka comweco bomba linagwera nyumba ya Thurston's, ndipo mpikisano unaima kufikira nkhondo itatha.

Pa zaka za nkhondo a Joe anayendayenda m'dziko lonse la Britain kuonetsa luso lao m'maholo ndi m'nyumba za zisudzo, nasonkhanitsa mapaundi oposa 100,000 othandizira obvutika ndi nkhondo. Mu 1945 anakwatira mai June Malo, woimba nyimbo, ukwati wao woyamba utatha kale. Dzina lao tsopano linali lodziwika ngakhale kwa anthu amene sanagwirepo ndodo.

Mpikisano unabwerera mu 1946, ndipo ndime yomaliza inali yaikulu kuposa zonse za m'mbuyo. Inacitikira ku Royal Horticultural Hall mu London, zigawo 145, masabata awiri athunthu, anthu oposa 1,000 pa nthawi imodzi atakhala cete kupenyerera. Mdani analinso a Horace Lindrum. A Joe anapyola 100 nthawi zisanu ndi imodzi, ulendo wao waukulu nukhala wa 136, napambana 78 kwa 67. Anali ndi zaka 45, cikho cinali cao kwa zaka 20, ndipo caka comweco analengeza kuti sadzalowanso mpikisano wa dziko lonse.

Mthunzi wa mtengo waukulu

Cifukwa cace sicobvuta kuciona. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Anali ataona mu 1940 kuti mng'ono wao, wocepa ndi zaka 12, ali pa msana pao, ndipo mbiri ya munthu wosagonjapo inali cuma cimene cikadatayika pa tsiku limodzi loipa. Pa zimenezi palibe angawadzudzule. Cobvuta ndi cakuti anatula cikho koma ndodo sanaitule.

Taganizani mfumu imene yauza anthu kuti yasiya mpando, mphwace nalowa ufumu, koma iyo ikhalabe pa bwalo tsiku ndi tsiku, milandu yonse ikuluikulu nkumapitabe kwa iyo, alendo nkumatula mitulo pa khomo pace. Kodi watsopanoyo adzamuyesa mfumu ndani? Ndi zimene zinacitika. A Walter Donaldson a ku Scotland anatenga cikho mu 1947 ndi 1950, a Fred nacitenga mu 1948, 1949 ndi 1951, koma anthu onse anali kudziwa kuti katswiri woposa onse sanalowe nao. A Joe anapitiriza kusewera pa mipikisano ina, makamaka wa nyuzipepala ya News of the World, kumene lamulo linali lakuti wamphamvu apatse mnzace mapointi oyambira, ndipo iwo ndiwo anali kupatsa ena, ngakhale amene anali ndi cikho ca dziko lonse. Akagonja, anthu anali kunena kuti ndi cifukwa ca mapointi opatsa aja. Akapambana, ndiye kuti ngwazi ya dziko yacepa. Pa moyo wao wonse munthu amene anawagonjetsa poyambira pamodzi popanda kupatsana kanthu anali mmodzi yekha, a Fred, ndipo anatero kanai.

Mphamvu zao sizinali za pa tebulo pokha. Anali mtsogoleri wa bungwe la osewera, anali mmodzi wa eni ace a Leicester Square Hall, nyumba ya Thurston's ija itakonzedwanso mu 1947, imene inali likulu la masewerawa, ndipo mnyamata wofuna kulowa m'gulu la akatswiri anali kudikira liu lao. Gululo linakhala laling'ono, nkhope zomwezomwezo caka ndi caka. Olemba mbiri ya snooker, monga a Clive Everton, anaweruza kuti kucoka kwa a Joe kunacotsa ulemu wa mpikisano, ndipo ife tibvomerezana nao. Cimanga ca pansi pa mtengo waukulu cimamera ndithu, koma sicibereka.

Tisawasenzetse mlandu wonse. Mu 1952 osewera anakangana ndi bungwe loyang'anira pa nkhani ya ndalama, nacoka kukayambitsa mpikisano wao wao, umene a Fred anaupambana zaka zisanu zotsatana kufika 1956. Ku mpikisano wa bungwe kunatsala anthu awiri, a Horace Lindrum ndi a Clark McConachy a ku New Zealand, ndipo a Lindrum anapambana 94 kwa 49. Pa nthawi yomweyo wailesi ya kanema inalowa m'nyumba za anthu a ku Britain, madzulo anthu naleka kutuluka, ndipo pa kanema wa masiku amenewo, wosaonetsa mitundu, mpira wofiira ndi wabulauni zinali zofanana.

Pakati pa kugwa kumeneku ndi pamene a Joe anacita cinthu cimene anacifunafuna zaka zambiri. Mapointi ocuruka koposa amene munthu angagoletse pa ulendo umodzi, mdani asanalakwe kanthu, ndi 147: yofiira yonse 15, uliwonse ndi wakuda pambuyo pace, ndiwo 120, kuonjezapo 27 a mitundu yonse. Pa 22 January 1955, ali ndi zaka 53, anacita zimenezo ku Leicester Square Hall posewera ndi mnzao wakale, a Willie Smith. Bungwe linayamba lakana kucilemba m'mabuku cifukwa akatswiri anali kutsata kalamulo kena kosiyana ndi ka bungwelo, ndipo linabvomera mu 1957. Ndiye 147 woyamba wobvomerezedwa m'mbiri ya snooker. Mwezi womwewo wa January 1955 usanathe, nyumba ya Leicester Square inatsekedwa.

Mu 1957 mpikisano wa osewera uja unakoka anthu anai okha pa cisumbu ca Jersey, ndipo kuyambira 1958 kufika 1963 kunalibe mpikisano wa dziko lonse konse. A Joe anayesa mankhwala ao mu 1959, poonjezera mipira iwiri, wa mtundu wa lalanje ndi wapepo, nachula masewerawo Snooker Plus, koma anthu sanawalandire. Analandira ulemu wa OBE mu 1963, ndipo caka cotsatira anapacika ndodo.

Caka comweco ca 1964 a Rex Williams anautsa mpikisano mwa njira yakuti munthu mmodzi aputa mwini cikho, ndipo posowa oonerera kwao anatsikira kuno ku Africa. Mu 1965 a John Pulman anateteza cikho m'matauni a South Africa, poyamba kwa a Williams, pambuyo pace kwa a Fred Van Rensburg a komweko. Linali dziko la tsankho, ndipo matebulo otere, monganso m'makalabu a Azungu kuno kwathu masiku a Fort Jameson ndi a Federation, munthu wakuda anali kuwayandikira ndi tsace kapena ndi thireyi ya zakumwa. Cimene cinaukitsadi snooker ndi kanema wa mitundu: mu 1969 a BBC anayamba pologramu yochedwa Pot Black, caka comweco mpikisano nubwerera ku njira yakale yocotsana, ndipo mu 1977 unapeza mudzi wace ku Crucible Theatre mu Sheffield, mtunda waufupi kucokera ku Chesterfield kumene a Joe anakulira.

Buku lao la 1949, lochedwa How I Play Snooker, linagwira nchito imene iwo eni sanaigwire pa anyamata. A Steve Davis, amene sanali mbale wao ngakhale dzina lifanana, analiphunzira tsamba ndi tsamba pamodzi ndi atate ao, natenga cikho nthawi zisanu ndi imodzi m'zaka za m'ma 1980. A Stephen Hendry anacitenga kasanu ndi kawiri pofika 1999, a Ronnie O'Sullivan nawapeza mu 2022. Masiku a a Joe olowa anali ocepa, ndipo nkosayenera kulinganiza ciwerengero ca 15 ndi ca anyamatawa ngati kuti mseu unali umodzi. Komabe onsewa aima pa tebulo ndi kuyendetsa woyera monga anaphunzitsira mwana wa wokumba malasha uja.

Mu April 1978 nkhalambayo, iri ndi zaka 77, inakhala pakati pa oonerera ku Crucible. Pa tebulo panali a Fred, a zaka 64, atafika pa ndime ya anthu anai otsala, ndipo mdani wao anali a Perrie Mans a ku South Africa, munthu wamanzere wolowetsa mipira ya patali. Amene anakhala pafupi anaona kuti a Joe anali kugwedezeka pa mpando ndi mpira uliwonse wa mng'ono wao, yemwe uja anamkalipira mu 1937. A Fred anagonja 18 kwa 16, ndipo a Mans, munthu woyamba wa ku Africa kufika pa ndime yomaliza ku Crucible, anagonja kwa a Ray Reardon 25 kwa 18. Masewera a a Fred atangotha a Joe anagwa, natengedwa ku cipatala kumene anacitidwa opareshoni yaitali. Ali kucira anagwidwa ndi matenda a m'cifuwa, namwalira pa 10 July 1978 m'dera la Hampshire.

Patapita zaka ziwiri, mu 1980, a Fred anagonjetsa a Rex Williams natenga ungwazi wa dziko lonse wa billiards, umene akulu ao anautenga komaliza mu 1932. Iwo anamwalira mu April 1998.